Lilime la apongozi: kasamalidwe ka chomera cha m'mphika chomwe chimaopa madzi

M'makonde a nyumba zambiri ku Lilongwe, Blantyre, Chipata ndi Harare, komanso m'mawindo a nyumba zosanjikizana ku London ndi ku Johannesburg, mumapezeka chomera china cha masamba ataliatali, olimba, oimirira njo ngati mikondo. Masambawo ndi obiriwira, amawangamawanga ngati khungu la njoka, ndipo m'mbali zonse ziwiri za tsamba mumadutsa mzere wachikasu kuchokera patsinde mpaka kunsonga. Ambiri mwa amene ali nacho sadziwa dzina lake. Chomwe amadziwa n'chakuti "sichifa".

Komatu chimafa, ndipo kawirikawiri chimafera m'manja mwa anthu amene amachikonda kwambiri, omwe sadutsa pakhonde osachithira madzi. Ena amadula tsamba n'kugawira mnzawo kuti akabzale, koma patapita miyezi mnzawoyo amadabwa kuona kuti zimene zamera zilibe mzere wachikasu umene anaufuna uja. Mavuto awiriwa ali ndi zifukwa zomveka bwino, ndipo zifukwazo zili m'thupi la chomeracho.

Chomera cha ku Africa cha mayina achilendo

Kwawo kwenikweni kwa chomerachi ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, kuyambira ku Nigeria mpaka ku Congo. Akatswiri a zomera akhala akuchitchula kuti Sansevieria trifasciata, dzina lomwe David Prain anachipatsa mu 1903. Mu 2017, potsatira kafukufuku wa chibadwa cha zomera, chinasamutsidwira m'gulu lina ndipo tsopano m'mabuku chimalembedwa kuti Dracaena trifasciata, ngakhale kuti ogulitsa maluwa ambiri akugwiritsabe ntchito dzina lakale lija. Mukachipeza m'sitolo ndi dzina lililonse mwa awiriwa, dziwani kuti n'chimodzimodzi.

Mtundu wa mizere yachikasu umene tikunena pano umatchedwa Laurentii. Dzinali likuchokera kwa Émile Laurent, katswiri wa zaulimi wa ku Belgium, yemwe anachipeza pafupi ndi Stanleyville, mzinda womwe lero ndi Kisangani, pa nthawi imene Congo inali m'manja mwa Mfumu Leopold II. Laurent anamwalira mu 1904 ali m'sitima ya pamadzi pobwerera kwawo. Dzina lake lakhalabe pa chomera chomwe anthu a m'dera limenelo ankachidziwa iye asanafike.

Olankhula Chingerezi amachitcha snake plant chifukwa cha mawanga aja, kapena dzina lina lotanthauza "lilime la apongozi" chifukwa cha kutalika ndi kusongoka kwa tsamba. M'Chiafrikaansi, ku South Africa, dzina lake ndi skoonma-se-tong, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo. Kwathu kuno, kumene mkamwini amapatukira kutchire akaona apongozi akubwera m'njira, dzina lotereli n'losatchulika pamaso pa eni ake, choncho mukamapereka chomerachi ngati mphatso kuchikamwini, ndi bwino kungoti "duwa". Ku Brazil amachitcha lupanga la George Woyera ndipo ena amachiika pakhomo pokhulupirira kuti chimatchinga zoipa. Kale anthu ankapala masamba a zomera za m'gululi n'kupeza ulusi wolimba wopotera zingwe, ngakhalenso nsinga za uta, monga momwe timachitira ndi khonje.

Chifukwa chake chimaopa madzi

Tsamba la chomerachi ndi nkhokwe ya madzi. Mukalidula mudzaona kuti mkati mwake ndi mwamnofu, monyowa, ndipo kunja kuli khungu lolimba lonyezimira lomwe sililola chinyezi kutuluka msanga. Pansi pa dothi pali tsinde lokwawa, lonenepa ngati chala, lofanana ndi lija la chikasu chothira m'ndiwo. Nalonso limasunga madzi ndi chakudya, ndipo ndi pamene pamaphukira ana.

Palinso china chosaoneka ndi maso. Zomera zambiri, monga chimanga ndi nyemba, zimatsegula timabowo ta pamasamba masana kuti zikoke mpweya wa carbon dioxide, ndipo nthawi yomweyo zimataya madzi ochuluka. N'chifukwa chake chimanga chimapinda masamba dzuwa likaswa mtengo. Chomera chathuchi chimatseka timabowoto masana n'kutitsegula usiku kukazizira. Mpweya umene chakoka usikuwo chimausunga mkati mwa tsamba, ndipo kukacha chimaugwiritsa ntchito popanga chakudya timabowo tili chitsekere. Chinanazi chimachitanso chimodzimodzi. Zotsatira zake n'zakuti chomerachi chimamwa madzi pang'ono zedi, chimakula pang'onopang'ono, ndipo madzi amene mwathira mumphika amatenga nthawi yaitali kuti athe.

Vuto limayambira pamenepa. Mizu nayo imapuma. Dothi likakhala lonyowa kwa masiku ambiri, mpweya umasowa pakati pa dothilo, mizu imabanika n'kuyamba kufa, kenako nkhungu ndi tizilombo tosaoneka timalowa m'tsinde. Mwini chomera saona chilichonse poyamba, chifukwa masamba amakhalabe obiriwira kwa milungu ingapo podalira madzi amene anasunga. Tsiku lina tsamba limangogwa lokha, ndipo mukalikoka limazuka mosavuta, patsinde pali pofewa, pakuda ndi ponunkha. Chomvetsa chisoni n'chakuti chomera chimene mizu yake yaola chimaoneka ngati chili ndi ludzu: masamba amakwinyika chifukwa palibe mizu yokoka madzi. Munthu wachifundo amathiranso madzi ena, n'kuchimaliziratu.

Choncho lamulo la kuthirira silidalira tsiku la pa kalendala. Lowetsani chala kapena kamtengo kouma m'dothi mpaka pafupi ndi pansi pa mphika. Kakatuluka kali ndi chinyezi kapena dothi litamatirira, dikirani. Kakatuluka kouma, thirirani mokwanira mpaka madzi atulukire pansi, kenako tayani amene atsalira m'kambale. Kuthira timadzi pang'ono tsiku ndi tsiku n'koipa kuposa kuthira ambiri kamodzi n'kusiya dothi liume. Madziwo azithiridwa padothi, m'mbali mwa mphika, chifukwa amene adekha pakati pa masamba amaoletsa mtima wa chomera. Kambale kokhala ndi madzi nthawi zonse kalinso ndi vuto lina lomwe aliyense wa kumadera otentha akulidziwa: udzudzu umaswana momwemo.

Mphika ndi dothi

Chofunika choyamba pa mphika ndi bowo la pansi. Kaya ndi mphika wogula, chitini cha penti, ndowa yothaitha kapena chigubu chodula pakati, chiboolereni mabowo angapo ndi msomali. Anthu ambiri amaika miyala pansi pa chidebe chosaboola poganiza kuti madzi azikhala m'miyalamo. Madziwo alibe kopita, amangokwera pang'onopang'ono mpaka afike ku mizu. Ngati mwakopeka ndi mphika wokongola wopanda bowo, monga ambiri amene amagulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya, bzalani chomeracho mu kamphika kapulasitiki koboola n'kukalowetsa mkati mwa wokongolayo, ndipo muzikatulutsa pothirira.

Mphika wadothi wowotcha, wonga umene amaumba amayi kumudzi, ndi wabwino kuposa wapulasitiki chifukwa umatulutsa chinyezi m'mbali ndipo dothi limauma msanga. Ndi wolemeranso, zomwe zimathandiza chifukwa masamba akafika pafupifupi mita imodzi amagwetsa mphika wopepuka mphepo ikaomba. Usakhale waukulu kwambiri. Mizu ya chomerachi siipita pansi kwambiri, ndipo dothi lochuluka lopanda mizu limangosunga madzi. Mphika wopitirira pang'ono kukula kwa mizu, mwina ndi zala ziwiri kapena zitatu mbali zonse, ndi wokwanira. Chomerachi sichidandaula ndi kupanikizana. Chimatha kukhala zaka zitatu kapena kuposerapo mumphika umodzi, mpaka tsinde lapansi lija litayamba kukankha, ndipo lili ndi mphamvu zotha kung'amba pulasitiki ngakhale kuswa mphika wadothi.

Dothi likhale lotaya madzi msanga. Makande a kudambo sayenera konse, chifukwa akanyowa amamata ngati phala ndipo akauma amalimba ngati njerwa. Kwa amene ali kumudzi, kusakaniza gawo limodzi la dothi lapamwamba la m'munda, gawo limodzi la mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino kumagwira ntchito. Mukhoza kuwonjezera tizidutswa ta makala kapena ta njerwa zowotcha. Mchenga wosalala kwambiri umatseka mipata m'malo moitsegula. Amene ali ku Britain, America kapena South Africa angagule dothi lokonzedwa kale la zomera za m'chipululu, kapena kusakaniza dothi wamba la maluwa ndi timiyala toyera topepuka totchedwa perlite. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani madzi, ndipo akadekha pamwamba kwa nthawi osalowa, dothilo ndi lolemera.

Feteleza safunika wambiri. Kamodzi kapena kawiri m'nyengo yofunda, wosungunula m'madzi ndiponso wochepa kuposa mlingo wolembedwa pabotolo, ndi wokwanira.

Kuwala, kuzizira ndi kumene mukukhala

Ogulitsa amakonda kunena kuti chomerachi chimakula ngakhale mumdima. Zoona zake n'zakuti chimapirira mdima, ndipo chimatenga nthawi yaitali kuti chionetse kuvutika. Pangodya ya chipinda yakutali ndi windo chimasiya kukula, masamba atsopano amatuluka opyapyala ndi ofooka, mawanga amazimiririka. Mtundu wa mizere yachikasu umafuna kuwala kochulukirapo kuposa wobiriwira wokhawokha, pakuti mbali yachikasuyo ilibe chlorophyll wokwanira, chinthu chobiriwira chimene tsamba limapangira chakudya. Mbali yobiriwira ndi imene imadyetsa tsamba lonse. Malo abwino ndi pakhonde pamene pamafika dzuwa la m'mawa, kapena pafupi ndi windo lowala. Chomera chimene chakhala m'nyumba nthawi yaitali chisatulutsidwe mwadzidzidzi padzuwa la mu Okutobala. Chimapsa, ndipo zipsera zoyera zimene zimabwera pamasamba sizichoka.

Ku Malawi, Zambia ndi Mozambique nthawi yoopsa ndi dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mphika umene uli pabwalo umatha kunyowa tsiku lililonse, makamaka ukakhala pansi pa msomo wa denga pomwe madzi onse a pamalata amagwera. Ukokereni mkati mwa khonde ndipo muuike pa njerwa ziwiri kuti bowo lisatsekeke ndi matope. M'chilimwe, kumadera otentha ngati Nsanje, Salima ndi Tete, dothi la mumphika wadothi limauma pasanathe mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo kuthirira kumachuluka moyenerera.

Kuzizira ndi mdani wachiwiri. Chomerachi chimayamba kuvutika kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 10, ndipo chisanu choundana chimapha masamba usiku umodzi wokha. Amene ali ku Johannesburg, mzinda womwe uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo chisanu chimagwa mu Juni ndi Julayi, azilowetsa miphika m'nyumba nyengoyi isanafike. Ku Dedza ndi ku Mzuzu nako usiku wa miyezi imeneyi ndi wozizira mokwanira kuti dothi lonyowa liwononge mizu, choncho kuthirira kuchepe kwambiri.

Ku Britain ndi kumpoto kwa America chomerachi ndi cha m'nyumba basi. Mu Disembala, dzuwa ku London silikwanitsa maola 8 lili kunja, ndipo chomera chimangokhala ngati chagona. Kuthirira kamodzi pa mwezi, mwinanso kupitirira apo, kumakwana. Musanyengeke ndi kutentha kwa m'nyumba n'kuganiza kuti chili ndi ludzu, chifukwa chimene chimachititsa chomera kumwa madzi ndi kuwala. Chichotseni pawindo lozizira usiku, komanso musachigunditse ku chitsulo chotenthetsera nyumba. Fumbi la pamasamba lizipukutidwa ndi kansalu konyowa. Mukaona tizilombo toyera ngati thonje tobisala patsinde la masamba, tofanana ndi timene timagwira chinangwa, tipukuteni ndi thonje loviika mu spiriti ndipo mupatule mphikawo kwa ina kufikira titatha.

Chinsinsi cha mzere wachikasu

Mlimi aliyense amadziwa kuti ukadula mtengo wa chinangwa n'kuubzala, umakolola chinangwa cha mtundu womwewo. N'zomveka kuti anthu amayembekezera zomwezo akadula tsamba la chomerachi. Tsambalo limameradi. Mukalidula m'zidutswa zotalika ngati chikhatho, n'kuzisiya masiku awiri kapena atatu kuti bala liume, kenako n'kuzizika mumchenga mbali yapansi ili pansi, mizu imatuluka pakapita milungu ingapo ndipo ana amaphuka pakapita miyezi. Koma anawo, pafupifupi nthawi zonse, amatuluka obiriwira okhaokha, opanda mzere wachikasu.

Chifukwa chake n'chakuti Laurentii ali ngati zomera ziwiri zokhala m'thupi limodzi. Pansonga pamene masamba amayambira, maselo amakhala m'magawo osanjikizana ngati zovala. Gawo lina lili ndi maselo abwinobwino obiriwira. Gawo lina lili ndi maselo amene anasintha chibadwa ndipo sapanga bwino chlorophyll, ndipo ndi amene amamanga m'mbali mwa tsamba. Mzere wachikasu umaoneka pokhapokha magawowa akasanjikizana mwa dongosolo lomwelo. Mwana wophuka pa chidutswa cha tsamba amayamba kuchokera ku timaselo tochepa ta pabala, kawirikawiri ta mbali yobiriwira, ndipo dongosolo la magawo lija silibwereranso. Amakhala chomera chathanzi ndithu, koma cha mtundu wa makolo ake akutchire.

Tsinde lapansi ndi limene limasunga dongosololi, chifukwa mphukira zake zimatenga magawo onse monga momwe alili. Choncho njira yodalirika yochulukitsira mtundu wachikasu ndi yofanana ndi yopatula ana a nthochi. Siyani kuthirira kwa masiku angapo, gonekani mphika, tulutsani chomera chonse ndi dothi lake. Sansani dothilo mpaka muone tsinde lolumikiza mwana ndi mayi wake. Dulani pamenepo ndi mpeni wakuthwa, wotsuka bwino, ndipo onetsetsani kuti mwanayo ali ndi mizu yakeyake komanso masamba awiri kapena atatu. Musiyeni pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti bala liume. Ena amapaka phulusa kapena makala osinja pabalapo. Mubzaleni m'dothi louma, mozama monga momwe analili poyamba, ndipo mudikire pafupifupi mlungu musanathirire. Nthawi yabwino ndi pamene nyengo yofunda ikuyamba: Seputembala kum'mwera kwa Africa, Epulo kapena Meyi ku Ulaya.

Izi zikutanthauza kuti chomera cha mizere yachikasu chimene chili pakhonde panu chinafika pamenepo kudzera m'kugawa tsinde, dzanja ndi dzanja, kwa zaka zoposa 100. Nthawi zina mumphika momwemo mumaphuka mwana wobiriwira yekhayekha. Poti iye ali ndi chlorophyll tsamba lonse, amakula mwamphamvu kuposa anzake ndipo mukamulekerera amadzaza mphika. Mudulireni kutsinde n'kumubzala payekha. Njira yodula masamba ija ilinso ndi ntchito yake: chomera chikaola patsinde ndipo palibe tsinde lolimba lotsala, kudula mbali yabwino ya masamba n'kuizika ndi njira yokhayo yopulumutsira kanthu, ngakhale mtundu wachikasu utatayika.

Zimene chimachita ndi zimene sichichita

Pa intaneti pali nkhani zambiri zonena kuti chomerachi chimayeretsa mpweya m'nyumba. Gwero lake ndi kafukufuku amene bungwe la NASA linatulutsa mu 1989 motsogozedwa ndi B.C. Wolverton, yemwe anaika zomera zosiyanasiyana, kuphatikizapo ichi, m'mabokosi otsekedwa ndipo anapeza kuti mpweya woipa monga benzene ndi formaldehyde unkachepa. Koma nyumba si bokosi lotsekedwa. Mu 2019 Bryan Cummings ndi Michael Waring a ku Drexel University ku Philadelphia anaunikanso kafukufuku wa zaka zambiri pankhaniyi, ndipo anapeza kuti pangafunike zomera pakati pa 10 ndi 1,000 pa sikweya mita iliyonse kuti zifanane ndi mmene mpweya umasinthira wokha m'nyumba wamba. Kutsegula windo kumachita zambiri kuposa mphika. M'nyumba yophikira makala kapena nkhuni, chomera chilichonse sichingateteze munthu ku utsi, ndipo mbaula yoyaka m'chipinda chotseka imapha ngakhale mutadzaza miphika.

Masamba ake ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa saponin, omwe amayambitsa nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa amphaka ndi agalu akatafuna. Mwana wokwawa nayenso asamachifikire.

Kwa omvera athu amene ali kunja ndipo amalakalaka kutenga mwana wa chomera cha pakhonde la amayi awo pobwerera ku tchuthi, pali chenjezo. Mayiko monga Britain ndi America salola kulowetsa chomera chamoyo popanda chikalata cha boma chotsimikizira kuti chilibe matenda ndi tizilombo, ndipo chopezeka m'chikwama popanda chikalatacho chimalandidwa pabwalo la ndege. Laurentii amagulitsidwa m'masitolo a maluwa ndi m'masupamaketi ambiri kumeneko, ndipo ndi mtundu womwewo umene uli kumudzi. Kumadera ofunda, zotsala mukagawa musazitaye kutchire kapena m'mbali mwa mtsinje, chifukwa kachidutswa ka tsinde kamamera n'kufalikira. Ku Queensland, m'dziko la Australia, chomerachi chili kale m'gulu la zomera zothawa m'minda zimene zikulowerera tchire.

Chomera chimene chakhala zaka zingapo mumphika wothina, pamalo owala, nthawi zina chimatulutsa phesi lalitali la timaluwa toyera mobiriwira. Timaluwato timatseguka madzulo, timanunkhira kwambiri usiku, ndipo timadontha timadzi totsekemera tomata, choncho ngati mphika uli pa tebulo lamatabwa, yalani kansalu pansi pake. Maluwa akafota, dulani phesilo patsinde. Gulu la masamba limene lachita maluwa silitulutsanso masamba atsopano, koma limakhalabe lobiriwira kwa zaka, uku tsinde lapansi likutumiza ana m'mbali mwa mphika.